Bulugamu Amene Anatseka Njira ya Mkwatibwi

Ndisanayambe kugwira makina ochekera mitengo pa esiteti, ndinapalasa kabaza ku Luchenza zaka zisanu ndi chimodzi. Amene anandikokera ku ntchito ya nkhuni ndi alamu anga, achimwene awo a akazi anga. Iwo anali atadula bulugamu wa fakitale ya tiyi kwa zaka zambiri, poti moto woumitsira tiyi umadya nkhuni ngati ulibe mimba. Alamu anga ndi munthu wamfupi, wamawu aakulu, wosekera kumwamba. Anandiphunzitsa kunola tcheni ndi tupa, kusakaniza petulo ndi oyilo, ndi kuyang'ana kumene mtengo wapendekera ndisanaukhudze. Zonse zimene ndimadziwa pa ntchitoyi zinachokera kwa iwo, kupatula chimodzi.

Mkati mwa makinawa, kuseri kwa chivundikiro cha m'mbali, muli kachitsulo kozungulira kamano, kamene kamakoka tcheni. Timakatchula kuti sipuloketi. Ya makina athu inali ya mano seveni. Tsiku lina alamu anapita ku Limbe, nabwerako ndi ina ya mano eyiti itakulungidwa m'pepala ngati chitumbuwa.

"Alamu, taonani," anatero akuiika pachikhatho changa. "Dzino limodzi lowonjezera. Mphamvu zowonjezeranso."

"Liwiro lowonjezera," ndinayankha. "Mphamvu ayi."

"Mwayamba kale ukadaulo? Galu wa mano ambiri ndi wa mano ochepa, woluma kwambiri ndi uti?"

Ndinayesa kuwafotokozera za njinga. Mbale ya kutsogolo, ya pa mapedulo ija, ikakhala yaikulu, pamalo osalala njinga imauluka. Koma ukafika pachitunda utanyamula mayi ndi thumba lake la chimanga, miyendo imalira, mpaka umatsika n'kuyamba kukankha. Makinawanso n'chimodzimodzi. Injini ikazungulira kamodzi, ya mano seveni imakoka mfundo seveni za tcheni, ya mano eyiti imakoka eyiti. Tcheni chimathamanga ndithu, koma injini ndi yomwe ija, ndiye kakokedwe kake kamafooka.

Alamu anaseka mpaka kukhosomola. "Makina a azungu mukuwayerekeza ndi kabaza!"

Sabata imeneyo tinali m'munda wa mitengo ya mphukira, yaing'ono ngati ntchafu ya munthu. Kunena zoona, alamu anandisiya kutali. Makina awo ankalira mokweza ngati udzudzu waukulu, mitengo ikungogwa motsatizana. Pomwe ine ndinkamaliza mzere umodzi, iwo anali pakati pa wachiwiri. Akapitawo anabwera kudzaonerera, manja ali kumbuyo, nandifunsa ngati ndinadya m'mawa. Alamu anatenga sipuloketi yawo yakale ija n'kundiponyera. "Kaikeni ku njinga yanu." Ndinaitola, n'kuiponya m'kachikwama kanga ka masipanala.

Patapita milungu itatu unafika ukwati wa mwana wamkazi wa alamu, woyamba kubadwa. Tchalitchi chathu chili kutsidya kwa khwawa, ndipo msewu wopitako ndi umodzi wokha, wodutsa pakati pa minda ya tiyi. Lachisanu kunagwa mvula yamphepo tsiku lonse. Loweruka kunacha bwino, dzuwa lili ngwee, masamba a tiyi akunyezimira. Tinanyamuka ndi galimoto ya aphunzitsi aakulu a pasukulu yathu, yomwe inanyamula mkwatibwi, ndi lole yodzaza amayi oimba kumbuyo kwake. Ine ndi alamu tinali kutsogolo kwa lole, titavala masuti.

Titatsetsereka kukhwawa, galimoto ya mkwatibwi inaima mwadzidzidzi. Nyimbo inadukira pakati. Bulugamu wakalekale, amene anthu awiri sakanatha kumukumbatira, anali atagona mopingasa msewu, mizu yake ili m'mwamba. Kumanja kunali chiphompho, kumanzere tiyi. Mkwati ndi abusa anali akudikira kutsidya.

Alamu sanade nkhawa n'komwe. Ndinaona kuti akondwa. Anaimitsa bambo wina amene ankadutsa panjinga yamoto, nathamangira naye kunyumba. Makina anga anali ku wekishopu sabata imeneyo, ndiye ndinangowakuwira kuti anditengereko kachikwama kanga ndi mahedifoni otseka m'makutu. Posakhalitsa anabwerera atakumbatira makina awo pamiyendo. Anavula jekete, napatsa akazi awo, navala chipewa cholimba pamwamba pa tayi ndi malaya oyera.

"Musatsike nonse," analengeza. "Ndi mphindi zochepa chabe."

Anayamba ndi nthambi. Zinkangothothoka ngati akudula nzimbe, amayi akululutira. Kenaka anafika pathunthu. Poyamba makina analowa bwino, utuchi ukuuluka. Atalowa mpaka chitsulo chonse choyendapo tcheni kumira m'mtengo, kulira kunasintha. Kunatsika, kunatsikanso, tcheni n'kuima. Alamu anakweza makina pang'ono, injini inadzuka, anabwezeranso, inafookanso. Anayesa kachitatu akukanikiza ndi thupi lonse, ndipo kunayamba kumveka fungo la chinthu chopserera.

"Petulo wa masiku ano," anatero osandiyang'ana.

Amayi a m'lole, amene sasowa nyimbo, anayambitsa ina yofunsa kuti bambo a mkwatibwi mphamvu azisiya kuti. Mlongo wawo, amene ndi akazi anga, ndiye ankatsogolera. Mkwatibwi anatsitsa galasi la galimoto.

"Ababa, tingoyenda wapansi?"

"Ndi diresi limenelo m'matope awa? Khala momwemo, mwana wanga."

Ndinawayandikira, ndikuyankhula motsitsa kuti ena asamve. "Alamu, apa tafika pachitunda. Tiyeni tisinthe giya."

Anandiyang'ana, thukuta likutsikira pa tayi. "Ija ndinakuponyerani ija muli nayo?"

"Ili m'chikwama."

Tinayala chiguduli pachipika. Ndinamasula manati awiri, n'kuchotsa chivundikiro, chitsulo ndi tcheni. Zonse zinali zotentha, moti ndinkagwira ndi mpango wa m'thumba la suti. Pali kawaya kakang'ono kopinda kamene kamatsekera sipuloketi kuti isatuluke. Nditakatokosa, kanadumpha n'kugwera mu udzu. Pamenepo ndiye ukwati wonse unatsika. Aphunzitsi aakulu, ankhoswe, amayi a kwaya, onse anagwada m'mbali mwa msewu kupapasa udzu wonyowa, ambiri a iwo osadziwa n'komwe chimene akufunafuna. Wina anandibweretsera chipini cha m'tsitsi, wina chotsekera botolo. Amene anakapeza ndi mayi ake a mkwatibwi, katakakamira kunsi kwa nsapato yawo yatsopano.

Ndinaika ya mano seveni, n'kubwezera zonse. Poti sipuloketiyi ndi yocheperapo, tcheni chinalendewera pang'ono, ndiye ndinachikunga mpaka chinakhala bwino. Ndinapereka makina kwa eni ake.

"Ayi, dulani ndinu," anatero alamu.

"Mwana ndi wanu, njira mutsegule ndinu."

Anakoka chingwe. Ulendo uno makina sanalire mokweza ngati kale. Ankalira mokhuthala, mosasinthasintha, ndipo atamira m'thunthu sanafooke. Utuchi unasiya kutuluka ngati fumbi, unayamba kutuluka zipalapala zazikulu zonunkhira mankhwala a chimfine. Alamu sanakanikizenso, ankangowongolera. Anadula mbali imodzi, anazungulira nadula mbali inayo, ine ndikukhomera kamtengo kosongoka mumng'alu kuti thunthu lisapane chitsulo. Chipika choyamba chitalekana, nthungululu zinamveka mpaka kutsidya, moti anthu a kwa mkwati anayamba kutsetsereka kudzaona. Anatithandiza kugubuduza zipika zitatu, ndipo mpata unakwana galimoto.

Mkwati naye anafika, nsapato zili matope okhaokha. Wojambula zithunzi sanafune kutaya mwayi. Anakhazika mkwatibwi pachipika atayalapo chitenje, mkwati ataima pambali, alamu kumbuyo atanyamula makina paphewa ngati msilikali. Ine pachithunzipo ndinatuluka theka lokha, dzanja ndi sipanala.

Tinalowa m'tchalitchi mochedwa ndi ola lathunthu ndi theka. Abusa, poyamba ulaliki, anati aona maukwati ochedwa chifukwa cha saluni ndi ena chifukwa cha ankhoswe, koma wochedwa chifukwa cha dzino limodzi unali woyamba. Sindikudziwa amene anawauza. Alamu anaperekeza mwana wawo kuguwa utuchi uli m'tsitsi ndi m'makutu, malaya ali ndi madontho a oyilo, akumwetulira ngati palibe chachitika.

Kumadyerero, nthawi ya perekaniperekani, anandikoka dzanja kulowa nane m'bwalo. Tikuvina, anandinong'oneza kuti, "Komabe pa mitengo ing'onoing'ono ndinakusiyani."

"Munandisiyadi, alamu."

"Muzinena zimenezo anthu akafunsa."

Lolemba m'mawa akapitawo anatituma kukamaliza mtengo uja. Tinapeza nthambi zonse zitapita kale, ngakhale makungwa osatsala. Panali thunthu lokha ndi mayi wina wokalamba atakhala pamwamba pake, akupuma ndi dengu lake la tiyi. Tinamudikira kuti amalize kudya chinangwa chake, kenaka tinayamba ntchito.