Diresi la pepala la ku Joni

Ndikakumbukira agogo aamuna, aNgozo, ndimamva fungo la mafuta a makina osokera losakanikirana ndi utsi wa makala a m'simbi, pakhonde la golosale ina pa Nsipe, mabasi akudutsa n'kutiwaza fumbi, amayi a mbatata akuitanira malonda m'mbali mwa msewu. Anali telala wodalira diso. Tepi inkangolendewera m'khosi ngati korona. Munthu ankamuyang'ana kamodzi, kumuuza kuti akweze manja, basi choko chili pansalu. Vuto lawo linali limodzi: za ana ankasoka zazikulu. Yunifolomu yanga ndinkasesa nayo msewu, ndipo ndikadandaula ankangoti, "Ukula nayo, mkazi wanga," monga agogo amaseleulira zidzukulu.

Amayi anga anapita ku Joni kukagwira ntchito ndili wamng'ono, n'kundisiya m'manja mwa bambo awowo. Chaka chomwe ndinkalandira Ukaristia woyamba, anatumiza phukusi: nsalu yoyera yoterera, ndi envulopu ya chithunzi cha kamtsikana kowonda kovala diresi lokongola. M'katimo munali mapepala opyapyala a mizeremizere, oti uyale pansalu n'kudula motsatira. Uthenga unali wakuti diresi lisokedwe monga pachithunzipo, ndipo ndikavala ndijambulitse, aone.

Agogo anandiyeza pepala lija kumsana, n'kupukusa mutu.

"Mwini pepalali sanasenzepo ndowa. Taona, alibe mapewa. Ndiwonjezere pang'ono."

Ndinakana ndi misozi. Ndinkaopa kukasesanso tchalitchi ndi diresi lalitali, komanso mapepalawo anali atagwiridwa ndi manja a amayi, manja omwe ndinali nditayamba kuwaiwala.

"Musawonjezere, agogo. Asankha okha amayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Chabwino, bwana," anatero, n'kunyamula sizasi.

Loweruka masana, mawa lake ndi tsiku la Ukaristia, anandiitana kudzayesa. Diresi linalowa mokakamiza. M'mapewa linathina, m'khwapa likuluma, mpweya ndikuupuma theka. Agogo anati ndichite chizindikiro cha mtanda, koma dzanja linathera pamphuno. Nditayesa kugwada, ulusi unalira kumsana. Nsalu inali itatha, pansi pali tizidutswa tosakwana ngakhale mpango.

Pamenepo ndinazindikira kuti amayi anasankha pepala la mwana uja anamusiya, osati la ine. Zimenezi zinandipweteka kuposa m'khwapa muja, ndipo ndinalira mpaka amayi a mbatata anatembenuka.

Agogo sananene kuti ndinakuuza. Anandivula diresi, n'kulitembenuza kunja kukhala m'kati. M'misoko yonse munali nsalu yopindidwa, yotambalala ngati zala ziwiri.

"Iwe unalamula ine," anatero akufuna lezala, "koma sizasi sunailamule."

Anamasula msoko ndi msoko n'kumasokanso, magalasi ali pansonga ya mphuno, phazi likupalasa makina. Mapewa anamasuka, chiuno chinamasuka, koma m'khwapa nsalu inaperewera ndithu. Kenako anandituma kunyumba kukatenga shati yawo yoyera ya Lamulungu, imodzi yokhayo. Anadula kumunsi kwake, kuja amapisira m'buluku, n'kuchotsa tizigamba tiwiri tomwe anasokerera m'khwapa mwanga mwaluso, moti ukatsitsa manja sitinkaoneka. Mawa lake Misa yonse anakhala atamanga mabatani a jekete, thukuta lili kamukamu, pamene ine dzanja likufika pamphumi bwinobwino.

Chithunzi tinatumiza. Patapita milungu, amayi anaimba pa foni ya mwini golosale, ife tonse titaunjikana pamenepo. Ndinawamva akufunsa ngati diresi linandikwana, poti ankada nkhawa kuti mwina ndakula.

"Esinati, mwana wanga," anayankha agogo mokweza, "pepala lako linali ndendende. Sindinawonjezere ngakhale chala. Mwana wako ukumudziwa."

Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse bodza loonekeratulo, koma agogo anandiponda phazi ngati akupalasa makina awo. M'foni muja amayi ankaseka ndi kulira nthawi imodzi.

Agogo anatisiya kalekale. Ine sindinakhale telala, koma ndikapita ndi ana anga kokasoketsa ndimauza telala kuti asiye nsalu m'misoko, iwo n'kumanyinyirika monga ndinkachitira. Amayi anabwerera kumudzi, tsopano ndi okalamba, ndipo chithunzi chija chili pakhoma pabalaza pawo. Mlendo aliyense amamuonetsa, n'kunyadira kuti diresi limenelo anasankha ali ku Joni, osandiona zaka zambiri, koma linandikwana ndendende. Ine ndimangovomera kuti eya, amayi. Pachithunzipo ndaima manja ali pansi, ndipo m'khwapa mwanga muli shati ya agogo.