Kabawuti kamene kanaipitsa dzina la a Mbewe

Inu owerenga, ine ndinaipitsa dzina la munthu wamkulu wosalakwa, munthu amene ananditenga ngati mwana wake kuno ku Joni. Zonsezi zinachitika chifukwa cha oyilo wa njinga yamoto, ndipo mpaka lero ndikakumbukira manyazi amandigwira.

Ndimachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ina ku Yeoville, ndipo ntchito yanga ndi yoperekera zakudya m'makomo pa njinga yamoto. Njingayo ndi yakalekale, mpando wake ndi wosokasoka, koma ndimaikonda. Akazi anga anaipatsa dzina loti Nachisale. Akuti ameneyo ndiye mkazi wanga wamkulu, poti m'mawa ndimayamba kupukuta iyo ndisanawafunse iwo mmene adzukira.

Amene anandipezera Nachisale ndi a Mbewe, makaniko wachikulire wa ku Dedza, amene ankakonzera njinga pabwalo la nyumba ina ku Troyeville. Amalawi ambiri anjinga tinkapita kwa iwo, ndipo tinkangowatchula kuti madala. Ukafika sankayamba ndi njinga, ankayamba kufunsa ngati wadya, ndiponso ngati kumudzi mvula yagwa. Njinga yangayo anaiphwasula yonse, n'kuikamo mapaipi atsopano, asanandipatse makiyi.

Pansi pa injini panali kapaipi kakuda kongolendewera, kosalumikizidwa kulikonse. Nthawi zina kankagwetsa kadontho ka oyilo. Eni nyumba athu, amene kuno timawati a mastandi, ndi mayi amene amakolopa bwalo lawo ngati pabalaza. Tsiku lina anandilozera timadontho takuda n'kundiuza kuti ndisankhe, njinga kapena chipinda. Ndinagwada pansi n'kukayang'ana kapaipi kaja, ndipo ndinaganiza kuti madala anaiwala kukatseka. Ndinatola kabawuti, n'kukakankhira m'kati kwambiri ndi sikuludiraiva mpaka kosaonekanso. Madontho anasiya. Ndinadzitama kwa akazi anga kuti anakwatiwa ndi injiniya.

Patapita masabata awiri, oyilo anayamba kutuluka m'mbali mwa injini, pamene pali gasiketi, kapepala kolimba kamene amaika pakati pa zitsulo ziwiri kuti oyilo asadutse. A Mbewe anachotsa chivindikiro, anapala zotsalira zonse mofatsa, n'kuika gasiketi yatsopano. Mabawuti anamanga pang'onopang'ono, uku kenako uko, akundilangiza kuti bawuti samanga ndi mkwiyo. Sabata isanathe, nsapato yanga inanyowanso ndi oyilo.

Ulendo wachiwiri anaika chivindikiro pagalasi kuti aone ngati chinapindika, n'kuchikhula ndi sandipepa mpaka thukuta kamukamu. Chinagwira masiku ochepa, kenako oyilo anatulukira pamwamba, pa gasiketi ina. Ulendo wachitatu anandiyang'ana m'maso.

"Mwana wanga, kodi palibe chimene munagwirapo pa injiniyi?"

Ndinakana. Kabawuti kaja ndinakakumbukira ndithu, koma ndinadziuza kuti n'kosagwirizana ndi nkhaniyi. Komanso ndinkachita manyazi kuuza munthu wamkulu kuti ndinakonza chimene iye anaiwala. Iwo anandikhulupirira. Kapaipi kaja anangokagwira kunja n'kukasiya, poti anakaika okha ndipo kanali katsopano.

Apa ndi pamene ndinalakwa kwambiri. Mukudziwa mmene tinaleredwera, munthu wamkulu sitimuuza pamaso kuti ntchito yake siili bwino. Pamaso pawo ndinkawomba m'manja n'kumati zikomo madala, koma Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi pakamwa panga pankatseguka. Ndinkauza anzanga anjinga kuti madala atha, maso awo sakuona ndipo manja akunjenjemera. Ndinkawaonetsa nsapato yanga ngati umboni. Nkhani inayenda, ndipo mmodzimmodzi anyamata anayamba kupita kwina. Pabwalo pamene pankadzaza njinga panatsala yanga yokha, ya mwini miseche.

Gasiketi yachinayi itatayanso, a Mbewe sanatenge sipanala. Anakhala pa kireti n'kumayang'ana manja awo nthawi yaitali. Anandiuza kuti zimene anthu akunena anazimva, ndipo mwina n'zoona, chifukwa chiyambire ntchitoyi gasiketi inali isanawakanikepo kanayi. Anati munthu azidziwa nthawi yake ikakwana, abwerera kumudzi. Anandipepesa pondichedwetsa pa ntchito yanga. Inu owerenga, munthu uja anapepesa ine.

Sabata yotsatira ndinapita ndi Nachisale kwa makaniko wina, bambo wa ku Mozambiki. Nditamufotokozera, sanakhudze n'komwe gasiketi. Anazula kapaipi kaja n'kukauzira ndi pakamwa. Masaya ake anatupa, mpweya osadutsa. Anakadula ndi mpeni, kabawuti kanga n'kugwera pasimenti kuti ngwe. Anandifotokozera kuti injini nayo imapuma, ndipo kapaipiko ndiyo mphuno yake. Ukakatseka, mpweya umadzazana m'kati n'kumakankha oyilo kuti atulukire paliponse pofooka, ngakhale utaika gasiketi zana. Anafunsa kuti chitsiru chimene chinachita zimenezi ndani. Ndinayankha kuti ndikuchidziwa. Iye anaikapo kapaipi kena, ine n'kutola kabawuti kanga.

Kunyumba ndinayesa kunena kuti nkhaniyi ingotha mwakachetechete, poti njinga yachira. Akazi anga sanakweze mawu. Anangondiikira kabawutiko m'thumba la malaya n'kunena kuti chakudya ndidya ndikabwerako ku Troyeville.

Ndinawapeza a Mbewe akumanga katundu. Zitsulo zawo zambiri anali atagulitsa kale, tikiti ya basi ili m'thumba. Ndinakhala pansi, osati pa kireti, n'kuwaikira kabawuti m'dzanja. Ndinaulula zonse, za mastandi, za bodza langa, ndi za miseche ya kutchalitchi. Ndinkayembekezera kuti andithamangitsa. Iwo anakatembenuza kabawutiko kangapo, kenako anayamba kuseka mpaka misozi. Atasiya kuseka anatambasula manja awo n'kuwayang'ana.

"Ndiye kuti manja angawa ali bwinobwino?"

Ndinati ali bwinobwino, madala. Apa ndi pamene ine ndinalira, bambo wa ana awiri, pabwalo la eni ake. Iwo ndi amene anayamba kunditonthoza. Anati nawonso analakwa, makaniko sayenera kukhulupirira pakamwa pa mwini njinga, ayenera kuuzira paipi.

Lamlungu ndinaimirira pamaso pa anzanga onse aja n'kunena zoona. Ena anapita kukawapempha kuti asachoke, koma zinali zitachedwa. Anati mtima wawo unali utafika kale ku Dedza, ndipo mayi akunyumba anali atauza mudzi wonse kuti akubwera. Ndinawaperekeza kokwerera basi, chikwama chawo ndinanyamula ine. Kabawuti kaja anakana kundibwezera, akuti akaonetse mayi chimene chinawachotsa ku Joni.

Pano akukonza njinga za kabaza pamsika wa kwawo. Akandiimbira foni amayamba kufunsa ngati ndadya, kenako amafunsa ngati Nachisale akupuma bwino. Sananditchulirepo mlandu wanga ngakhale kamodzi, ndipo zimenezi zimandipweteka kuposa akanandikalipira.

Inu owerenga amene muli ndi njinga zakale, oyilo akamatuluka mobwerezabwereza pa gasiketi, musathamangire kunyoza wokonza. Yambani mwaona kapaipi kopumira ngati sikanatsekeke kapena kupindika, ndipo musatseke chinthu chimene simukudziwa ntchito yake. Makaniko akakufunsani ngati munagwirapo, nenani zoona ngakhale zikhale zochititsa manyazi. Ndipo ngati muli ndi dandaulo ndi munthu wamkulu, kamuuzeni mwaulemu pamaso pake. Ine ndinkayesa kuti kukhala chete pamaso pawo ndi ulemu, pamene ndinali kuwadya miseche kumbali.

Nachisale sanatayenso oyilo wa pa gasiketi, ndipo gasiketi imene ilipo mpaka lero ndi yomwe ija yachinayi, imene a Mbewe anaika ndi manja awo. Pansi pa kapaipi ndimangoikapo kachitini kuti a mastandi asadandaule. Kachitini kokha, abale anga, kakanawasunga madala athu ku Troyeville.