Phazi la Asimbi

Asimbi anabwera m'nyumba yathu ya lendi pa 2 Novembala, chaka chimene paipi ya pakhonde inaphulika. Dzinali anawapatsa ndi ana a pakhondepo, chifukwa ntchito yawo ndi kusita pamalo ochapira zovala za m'mahotela, ndipo pamkono wawo wamanja pali zipsera za simbi zondondozana. Sanakwatiwepo. Makolo atamwalira anasiya sukulu kuti alere mng'ono wawo. Mng'onoyo atabereka mwana amene bambo wake anamukana, Asimbi analera onse awiri m'chipinda choyang'anana ndi changa.

Mwanayo, wamkazi, tinkamutcha Kamchira. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, koma mayi ake akalowa kubafa iye ankaima pachitseko atagwira chogwirira. Pageti la sukulu ankasanza. Kuchipatala anati ndi matenda a nkhawa, ndipo namwino wa ana anawabwereka magalasi aakulu ophimba maso onse, olowetsamo foni, okhala ndi zomvera m'makutu. Ukavala, chipinda chimasowa. Pulogalamu yake imaphunzitsa mwana payekha popanda dokotala: kambalame kolankhula kamamuuza kuti apume pang'onopang'ono, kenaka amaona mayi wa chithunzi akumusiya pageti, n'kubweranso. Phunziro lililonse mayi uja amachedwerapo.

Namwino anawachenjeza kuti wamkulu azikhala pafupi, komanso mwana asanamizidwe. Kamchira anaika lamulo lakelake, loti phazi la mayi ake lizigunda lake mpaka phunziro lithe.

"Achemwali, ndiye kuti ine ndasanduka mwendo wa tebulo?" ankadandaula mng'ono uja.

"Khala pansi iwe. Ine ndinakubereka kumsana mpaka miyendo yako ikukhukhuluza pansi. Ndinalira kwa ndani?"

Zinthu zinayenda. Lachitatu pa 17 Epulo Kamchira analowa pageti osasanza. Asimbi anagogoda pakhomo panga epuloni ya kuntchito ili m'khosi, kudzandiuza, ndipo anabwereza nkhaniyo kwa ometa tsitsi a pansi ndi kwa aliyense wokumana naye pamasitepe. Ngakhale mng'ono uja anayamba chidwi. Ankatenga foni n'kumayang'ana maphunziro otsala, kufunsa kuti lalitali kwambiri ndi liti. Asimbi anandinong'oneza kuti, "Mwaona amayi? Wayamba kukhwima nzeru."

Phunziro lalitalilo linafika Loweruka pa 25 Meyi, masana. Mwana atangovala magalasi, mayi ake anakodola Asimbi.

"Achemwali, magetsi atsala pang'ono kutha. Ikani phazi lanu apa, ndikagule mayunitsi."

"Namwino anati tisamunamize."

"Aa, pagolosale pompa? Mwasanduka apolisi liti? Ndibwera kambalame kasanatsanzike."

Asimbi anavula silipasi. Mng'onoyo anasolola phazi lake pang'onopang'ono, la Asimbi n'kulowa m'malo. Ine ndinakumana naye pamasitepe nsapato zili m'manja, ndipo anandipatsa moni bwinobwino. Chikwama chake chinali chitagona kale masiku awiri kwa ometa tsitsi, amene anauzidwa kuti ndi zovala zokasita. Pamsewu ankamudikira mwamuna wina woyendetsa mabasi akutali.

Kamchira anavula magalasi akumwetulira. "Amayi, lero sindinalire!" Anayang'ana nkhope, kenaka anayang'ana pansi pamene mapazi anali akugundanabe. Sanakuwe monga ankachitira kale. Anangochotsa phazi lake n'kulipinda pampando.

Foni inalira pa 1 Juni. Asimbi anandifotokozera tili pampopi, madzi akusefukira m'ndowa osawaona. Akuti mng'onoyo anati, "Si munkalalikira nyumba yonse kuti wachira? Ndikanatsanzika akanandigwira siketi. Ndiponso inu kulera mumatha, achemwali. Umboni ndine." Sanafunse kuti mwana ali bwanji. Anangopempha kuti amusungire nsapato zake zofiira.

Sukulu inathera pomwepo. Kamchira ankasamba kumaso maso ali tong'o, sopo n'kumamulowa, maso n'kufiira. Asimbi anapempha abwana awo kuti azibwera naye kuntchito, ndipo mwanayo ankakhala pansi pa tebulo lositira, pakati pa madengu a nsalu zofunda. Sankawagwira chovala ngati mmene ankagwirira mayi ake. Ankangowalondera. Tsiku ndi tsiku Asimbi ankalumbira kuti sankadziwa kanthu.

"Amayi aakulu, koma phazi munaika," ankatero mwanayo.

Asimbi ankangopitiriza kusita. Munthu amene kwa zaka zonsezi sanawotchepo malaya a kasitomala anawotcha awiri sabata imodzi.

Namwino anaitanitsa magalasi kuti akabwereke mwana wina. Tsiku loti mawa lake akabweza, Lamlungu pa 7 Julaye, Kamchira anawatulutsa yekha m'katoni.

"Valani inu. Ine ndiika phazi."

Asimbi anaganiza kuti mtima wa mwana wayamba kutsika, ndipo anavala msanga. Kamchira anali atavala nsapato za sukulu. Anagunditsa nsapato imodzi kuphazi lawo, kumbuyo kwake n'kuchirikiza ndi mwendo wa mpando, kenaka anasolola phazi. Analowa m'chipinda changa osagogoda, sokosi mbali ina nsapato mbali ina, nakaima kuseri kwa katani ya pawindo. Ndinamufunsa kuti amayi aakulu ali kuti. Anati akuphunzira.

Patapita nthawi tinamva chitseko chikumenya khoma, kenaka mapazi akutsika masitepe. Asimbi anatulukira mumsewu opanda silipasi, duku litagwera pamapewa. Anasuzumira kwa ometa tsitsi, anathamangira pagolosale, anaimitsa mwamuna wa njinga n'kumamuonetsa ndi dzanja msinkhu wa mwana. Mawu awo ankamveka mpaka pamene tinaima.

"Mwana iwe, tiwaitane," ndinatero.

"Ayi agogo, asiyeni afike kaye kusiteji ya basi."

Ine ndinatsegula windo n'kuwakuwira. Anakwera masitepe akupuma ngati munthu wa mphumu, chala cha kuphazi chikutuluka magazi. Atamuona mwana sanamumenye, sanamukumbatirenso. Anangokhala pansi pakhomo panga, msana atatsamira felemu ya chitseko.

"Munakafuna kuti?" anafunsa Kamchira.

"Konsekonse."

"Ine mwandifuna. Amayi simunawafune choncho."

"Ndikanathamanga tsiku lija, iwe ndikanakusiya ndi ndani?"

Kamchira anawayang'ana nthawi yaitali, ngati akufunafuna bodza pankhope yawo. Kenaka anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati ndili ndi pulasitala. Ndinamupatsa. Anaiika pansi, pafupi ndi phazi la Asimbi, n'kubwerera pawindo.