Chaka Chimene Makuponi Anandilowetsa M'timu

Mulungu pondilenga anandimana msinkhu, koma anandipatsa mtima wokonda masewera a anthu aatali. Nditalowa koleji ya zauphunzitsi ndinapeza kuseri kwa holo kuli bwalo la simenti long'ambikang'ambika, mizati iwiri, ndi mikombero yachitsulo yopanda neti. Anyamata a mpira wamiyendo ankati imeneyo ndi ntchemberembaye ya amuna. Ine nditangoona mpira ukulowa mumkombero kamodzi, mtima unagwa pomwepo.

Timu ya basiketibo inali ndi majezi khumi. Ofuna kusewera tinalipo khumi ndi atatu, ndipo wotsirizayo ndinali ine. Akochi athu, mphunzitsi wa masamu wosachulutsa gaga m'diwa, anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, ulendo umene sunawatengere nthawi, n'kunena kuti timu imafunanso anthu olimbikitsa anzawo. Chotero ndinkalimbikitsa anzanga. Ndinkawomba m'manja pabenchi mpaka zikhatho kuwawa, mumtima ndikupemphera kuti wina abinye phazi. Jezi ndinkaifuna koopsa, sindibisa.

Palibe amene anabinya phazi. Amene anandithandiza ndi makuponi a feteleza.

Akochi analemba ndondomeko ya masewera a chaka chonse papepala lalikulu n'kulimata pakhoma. Anangoiwala kuti osewera awo onse anali ana a alimi, ndipo kwathu kuno ndondomeko imalembedwa ndi mvula. M'mwezi wa Okutobala tinali timu yoopedwa, tinapambana masewera atatu motsatizana. Mitambo itangoyamba kusonkhana, mafoni anayamba kulira. Makolo sankaimba, ankangofulasha pafoni ya aneba, ndipo mwana aliyense ankadziwa kuti akakufulasha katatu ndiye kuti kumudzi kwavuta.

Woyamba kunyamuka anali kaputeni. Kwawo ku Lukwa kunkaitanidwa mayina a olandira makuponi, ndipo amayi ake, omwe anali amasiye, ankaopa kuti dzina lawo lidumphidwa pakapanda mwamuna woima kumbuyo kwawo n'kutsokomola. Anati abwera Lolemba. Sananene kuti Lolemba lake liti. Mvula yoyamba itagwa, awiri anapita kukawokera fodya. Pamenepo akochi anakhazikitsa lamulo lakuti wopita kumudzi azisiya jezi, ndipo wotsala aziivala. Umu ndi mmene jezi ya kaputeni inagwera m'manja mwanga. Inkandifika m'mawondo ngati diresi ya mlongo wanga, koma ndinkayenda nayo mpaka kuchipinda chodyera.

Titabwerako kutchuthi cha Khirisimasi tinatsala asanu ndi mmodzi. Ena anali pamizere ya feteleza, ena kubandira. Ine ndinali nditakwera kuchoka pa nambala yotsiriza kufika pokhala ndekha pabenchi, osagoletsa chigoli n'chimodzi chomwe. Kunangotsala munthu mmodzi kuti achoke, ndilowe m'bwalo.

Ndiyeno foni yanga inafulashidwa katatu.

Anali abambo anga, ku Chulu. Bondo lawo lakumanja linkawavuta chigwereni pangolo zaka zam'mbuyomo. Kuponi anali nayo kale, koma pa Khirisimasi kudepoti kunalibe kanthu. Tsopano magalimoto anali atabwera ndi feteleza wobereketsa, ndipo dziko lonse linali pamzere. Masiku amenewo munthu akatopa ankasiya mwala kapena chisaka pamalo pake, kuti chimuimirire.

"Aphunzitsi," anatero, poti ankanditchula choncho chilowereni koleji, "mwala wanga ndikausiya pamzere, pobwera ndikumapeza anyamata aukankhira kumbuyo. Bondo ili silikundilola kuima tsiku lonse. Mukanabwera masiku atatu okha."

Ndinayang'ana jezi imene ndinaiyanika pawindo.

"Ababa, kuno tili ndi mayeso. Ovuta kwambiri."

"Ayi, mayeso ndiwo oyamba. Limbikirani. Za kuno tiona."

Bodza limenelo linatuluka mosalala moti ndinadzidabwa. Ndinadziuza kuti kumudzi kuli anthu ambiri, wina awathandiza. Ndinaiwala dala kuti anthu ambiriwo analinso pamzere womwewo, aliyense ndi mwala wake.

Pemphero langa linayankhidwa mu Febuluwale. Tinali ndi mnzathu wochokera kumalire a kumpoto, wamtali moti ankagwira mkombero atangonyanyamphira. Timu yonse inkadalira iyeyo, enafe ntchito yathu inali kumuponyera mpira m'mwamba n'kudikira. Fodya wa kwawo atacha, anakumbukira kuti pabanja ponse ndi iye yekha amene ankatha kukoleka mikangala yapamwamba m'chigafa osakwera pa chilichonse. Akochi anamuchonderera, anamukumbutsa za masewera otsiriza, anatchulanso za tsogolo lake. Iye anavula jezi, n'kuipinda bwinobwino.

"Asambizgi, nkhuluta kukaya. Hona wakulindilira munthu yayi."

Fodya sadikiradi munthu. Akochi anadandaula sabata yonse kuti msinkhu wonse uja ukathere m'chigafa. Ine ndinadandaula nawo mokweza, mumtima ndikuvina.

Masewera otsiriza anali Loweruka masana. Alendo athu anachokera kukoleji ina ya mutauni, anatsika m'minibasi khumi ndi awiri, nsapato zofanana, ndipo zinkaoneka kuti palibe mwa iwo amene anafulashidwapo chibadwire. Ife tinali asanu, benchi ili mbee. Anatithamangitsa ngati nkhuku zolowa m'munda wa eni. Wondilondera ine ankangotambasula dzanja pamwamba pa mutu wanga, nthawi zina akucheza ndi mnzake.

Koma chigawo chachitatu anandiiwala. Mpira unandipeza ndili ndekha pakona, ndinatseka maso n'kuponya. Unagunda chitsulo, unazungulira, unalowa. Chigoli changa choyamba, ndiponso chotsiriza. Ndinatembenuka kuti ndione amene akundiwombera m'manja.

Pansi pa mtengo wa kesha panali munthu atatsamira njinga, mwendo wakumanja ataukweza pang'ono, jumbo ikulendewera pahandulo. Anali abambo. Ankawomba m'manja ndi mtima wonse. Kenako alendo anagoletsa, iwo anawombanso. Ankawombera aliyense wolowetsa mpira, poti sankadziwa kuti mbali yathu ndi iti. Chigawo chotsiriza sindinauonenso mpira. Ndinkangoona msewu wa ku Chulu, matope ake, zitunda zake, ndi bondo lija likupalasa.

Tinagonja mochititsa manyazi. Ndinapita kumtengo kuja jezi itanyowa thukuta.

"Aphunzitsi," anatero akundipatsa jumbo, "amayi anu akazinga mtedza uwu. Akuti munthu wowerenga kwambiri amafuna chotafuna."

Ndinalandira ndi manja awiri.

"Masewera anuwa ndi abwino," anapitiriza akuyang'ana mkombero. "Kungoti chotengera chake n'chobooka kunsi. Mwathira tsiku lonse, palibe chatsalamo."

Ndinayesa kuseka, sizinatheke. Ndinafunsa za feteleza.

"Tinaupeza, thumba limodzi, sabata yatha. Chimanga chinali chitamasula kale ngayaye. Tausunga, udzagwira ntchito chaka chamawa."

Ndinadikira kuti afunse za mayeso. Ndikanakonda akanandikalipira pamaso pa anzanga onse, akanandiwomba khofi ngakhale. Sanafunse. Anapereka moni kwa akochi, anawathokoza posamala ana, n'kukwera njinga kuti akafike dzuwa lisanalowe. Anayamba ndi mwendo wakumanzere.

Lolemba lotsatira kaputeni anatulukira, wonenepa bwino, n'kutenga jezi yake. Lolemba lake linali limenelo.

Patchuthi cha Pasaka ndinapita kumudzi. Chimanga chathu chinali chachifupi ngati mwini wake wa jezi yobwereka, zitsononkho zake zosadzaza dzanja. M'munda wa aneba, amene ana awo anagona pamzere, mapesi ankaweramira pansi ndi kulemera. Thumba lija linali pakona m'chipinda chochezera, losamasula, atalikhazika panjerwa kuopa chinyontho, ndipo amayi analiyalira kansalu pamwamba. Ndinkadya ndikuliyang'ana.

Tsiku lina masana tikusoka fodya wotsiriza pakhonde, anebawo anabwera kudzacheza. Anandipatsa moni, n'kufunsa abambo mwachifundo chija chimene chimaluma kuti bwanji mnyamata wamphamvu chotere sanabwere kudzawagwirira malo kudepoti.

Ndinaweramitsa mutu, singano ili m'manja. Abambo sanasiye kusoka.

"Anali ndi mayeso," anatero. "Ndinapitako ndekha, ndinawaona. Thukuta lili chuchuchu."