Tsiku limene apongozi anandisenza pa machila

Ee, ine ntchito ndinaipeza ndi nyimbo! Nkhondo ya Jeremani isanabwere, nditangokwatiwa kumene ku Mphunzi, ndinapita pa boma pa Dedza kukagulitsa mazira. Khukhi wa dona wina anandimva ndikutonthoza khanda la mnzanga, nati, "Iwe, tiye. Kwathu kuli kamwana kolira ngati kalumidwa ndi linthumbu."

Masiku amenewo basi ya pa boma inali machila: nsungwi yaitali, chinsalu cholimba cholendewera, kadenga pamwamba. Mwamuna wina kutsogolo, wina kumbuyo, nkhata paphewa, anzawo akuthamanga m'mbali. Kapitawo akakuwa kuti "Landira!" ankasinthana ali chithamangire, nsungwi osagwa. Ine malo anga anali m'fumbi, kumbuyo, dengu la matewera pamutu.

Tsiku lina tikupita ku Mayani, kamwana kanalira, kanalira, mpaka dona anati ndikwere nako machila achiwiri. Ha, kukondwa kwake! Miyendo tambalale, mphepo kumaso, ine kuyimba, ine kuyimba, kamwana zii.

"Landira!"

Ndinasuzumira. Msana umene unalowa pansungwi kutsogoloko ndinaudziwa, ndi chipsera chake cha pakhosi. Apongozi anga aamuna! Anawalemba ntchito m'mawa womwewo, ine osadziwa. Munthu woti tikakumana panjira ndimapatukira patchire n'kugwada, nkhope kumbali. Lero mapazi anga aloza msana wawo, thupi langa lonse lili paphewa pawo.

Nyimbo inathera pomwepo. Nditsike, ntchito yatha. Ndikhale, akamva kumudzi, banja latha. Kamwana kanayambanso kukuwa, dona naye kukuwa.

Apongozi sanacheuke. Ine sakanandilankhula, choncho anadzera kwa kapitawo. "A Kapitawo, auzeni mayi ali m'katimo ayimbe. Mwana akamalira nsungwi ikulemera."

Ndinadzifunditsa nsalu kumaso, ndinayimba misozi ili chuchuchu. Iwo kuvomera ndi liwu lalikulu, mapazi kugunda m'nyimbo momwemo, mpaka Mayani.

Kumudzi sanauze munthu, ngakhale mwana wawo. Koma phewa lotupalo ndinaliona ndili patali, ndipo madzi othowera ndinafunditsa ndine, n'kupatsira mlamu wanga.

Lero adzukulu amandiseka pokwera basi ku Lilongwe. "Agogo, lowani, mukuchedwetsa anthu!" Achedwe. Ndimayamba ndasuzumira woyendetsa, ndimupatse moni, ndimufunse kwawo. Sindikweranso kanthu ndisanaone nkhope ya wondinyamula.