Ine Ndine "Anzake" Aja

Lachiwiri m'mawa, kapu ya tiyi ili kukamwa, foni inalira. Anali Tadala, mwana wanga wamkulu amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Ananditumizira chithunzi, pansi pake n'kulemba kuti, "Adadi, si gulu lanu lija ili?"

Linali gulu lathu ndithu. Tiyi uja anazizira m'kapu momwemo.

Ndiyambe ndakufotokozerani. Kuno ku Mangochi kuli kampani ina yaing'ono yojambula nyimbo, imene inayamba kalekale nthawi ya makaseti. Dzina lake sinditchula, latchulidwa kokwanira. Mwini wake anatisiya, ndiye ana ake anatsegula tsamba pa intaneti, ndipo m'mawa uliwonse amaikapo chikumbutso chimodzi. Mawu oyamba sasintha: "Tsiku ngati lalero." Tsiku ngati lalero woimba wakuti anabadwa. Tsiku ngati lalero kwaya ya ku Nkhudzi inajambula kaseti yake yoyamba. Tsiku ngati lalero gulu lakuti linakaimba ku Chembe, mvula n'kuwanyowetsera zida.

Ngakhale jenereta ili ndi tsiku lake. Sindikunama. Mwezi wathawu analemba kuti tsiku ngati limenelo kampani inagula jenereta yoyamba, ndipo anaika chithunzi chake, yonse yathunthu, ndi chingwe chake chomwe. Anthu anaiyamikira jeneretayo.

Ndiulule tchimo langa. Tsamba limeneli ndimaliona m'mawa uliwonse ndisanasukusule, koma chala changa sichinayambe chadinapo kusonyeza kuti ndakondwera. Ndimangosuzumira ngati munthu wodutsa pa ukwati umene sanaitanidwe. Ndakhala ndikudikira tsiku langa.

Ndiye Lachiwiri lija linafika. Analemba kuti, "Tsiku ngati lalero, Che Jafali ndi anzake anajambula nyimbo yotchuka ija, Chilimila cha Eni."

Ndi anzake.

Pachithunzipo panali Che Jafali, banjo pachifuwa, mano onse kunja. Kumapeto kwenikweni kwa chithunzicho, kudzanja lamanzere, kunkaoneka chigongono cha munthu ndi kachidutswa ka mtengo. Chigongono chimenecho n'changa. Ndikuchidziwa chifukwa chili ndi chipsera cha pamene ndinagwa pa njinga kwa Mponda ndili mnyamata. Mtengowo ndi khosi la babatoni yanga, chigitala chachikulu cha chingwe chimodzi chimene umachita kuchikhalira poimba. Ndinaikhoma ndekha ndi chikopa cha ng'ombe ndi waya wa m'tayala. Zaka zoposa makumi atatu ndikudikira, mbiri yandikumbukira chigongono.

Nsanje ilibe ulemu, abale. Siona imvi. Ndinakhala pakhonde, bambo wa ana anayi ndi zidzukulu, ndikuwerenga ndemanga za anthu mmodzimmodzi, mtima ukuwawa ngati wa mwana amene am'mana chigumu. "Che Jafali, mfumu ya banjo!" "Nyimbo zinali kale!" "Che Jafali atipatse ina!" Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti kodi anzakewo ndi ndani, ali moyo, amadya chiyani.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti ndime yoyamba ya nyimboyo ndinapeka ndine. Ndinaipeka ndikusoka chilimila, khoka lalikulu la amalume anga lophera usipa ndi utaka. Ndinkadandaula kuti timakoka ndife, manja n'kutuluka matuza, koma nsomba zikafika kumtunda anthu amati, "Lero a uje apha." A uje ake ndi mwini khoka, amene sananyowe ngakhale chala. Ndiye taonani zondichitikira: nyimbo yodandaula kuti okoka satchulidwa, woipeka wake sanatchulidwe.

Kodi mawu awiriwa, "ndi anzake", tinawatenga kuti? Ndi dzenje limene timakwiriramo anthu amoyo.

Pitani pamaliro mukamve mwambo wa mawu. Wolankhula atchula mafumu mmodzimmodzi, atchula akuluakulu a mpingo kapena a mzikiti, atchula bwana amene wabwereketsa galimoto, mpaka mtundu wa galimotoyo. Akafika kwa amene anakumba manda dzuwa likuswa mtengo, ndi amayi amene atsamwa ndi utsi kuyambira dzulo, amangoti, "ndi ena onse amene sindinawatchule." Bwanji osawatchula? Nthawi imathera pa iwo okha?

Mjigo wa m'mudzi umadziwika ndi dzina la amene anabwera kudzadula riboni. Timu ikawina timanyamula wogoletsa, wotchinga kumbuyo n'kumayenda yekha atanyamula nsapato. Timanena tokha kuti mutu umodzi susenza denga, koma denga likakwera timaloza mutu umodzi.

Mukuona mmene ndikulankhulira mwanzeru? Musanyengeke. Lachiwiri lija sindinkaganiza za okumba manda. Ndinkaganiza za ine.

Ndinalemba ndemanga yaitali yoti ndiike pansi pa chithunzicho. Ndinafotokoza kuti Che Jafali sankadziwa kuchuna banjo, ndinkawachunira ndine. Ndinafotokoza kuti tsiku lojambula anaiwala mawu kawiri konse. Zonsezo n'zoona. Chala chinali pafupi kutumiza, ndipo ndikanatumiza, ubwenzi umene unayamba tili osavala nsapato ukanathera pomwepo. Ndinkadziwa zimenezo, komabe chala chinkayabwa.

Mayi a Tadala anali pafupi, akusankha mpunga m'lichero.

"Mwangoti duu bwanji, bambo a Tadala?"

Ndinawapatsa foni. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali ndithu, kenako anandibwezera.

"Chigongono chabwino," anatero, n'kupitiriza kusankha mpunga wawo.

Ndinapsa mtima kawiri. Koma poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndinasiya ndemanga ija osatumiza, ndinakwera kabaza ulendo wa kwa Mponda kuti ndikawafunse eni akewo maso ndi maso.

Che Jafali masiku ano amagulitsa zipangizo za njinga m'kagolosale kakang'ono. Ndinawapeza akuwerenga masipoko, kofia ili pamutu.

"Ajimwiche uli, Che Matiya! Mwasochera?"

Sindinayankhe moni bwinobwino. Ndinangowaika foni pamphuno. "Mwaona zimene mwachita?"

Anaitenga, anaitalikitsa, anaiyandikitsa, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Munthuyo foni yake ndi ya mabatani. Sankadziwa n'komwe kuti tsiku limenelo iye ndi mfumu ya banjo. Ine ndawonda ndi nsanje m'mawa wonse chifukwa cha ulemu umene mwini wake sanaulawe.

"Wallahi, achimwene, ine sindinalembe zimenezi," anatero. "Ana aja adula chithunzi kuti chikwane pafoni. Dikirani."

Analowa kuseri, kumene amakhala, n'kutuluka ndi chithunzi chenicheni, chofiirira ndi ukalamba. Ndinadziona ndense: tsitsi lambiri, malaya a maluwamaluwa, nditakhalira babatoni yanga monyada. Kumbuyo kunali malemu Kasimu ndi ng'oma zake. Mtima unayamba kutsika. Ndinati ndijambule ndi foni, ndikawaonetse anthu aja.

Ndipamene ndinaona kuti chithunzi chenichenicho nachonso n'chodula. Wojambula wa tsiku limenelo anatiika ife amuna atatu pakati. Kumapeto, pafupi ndi phewa langa, kunkaoneka nsonga ya chitenje ndi dzanja limodzi lotambasula, likuti liombe m'manja.

"Ili ndi dzanja la ndani?" ndinafunsa.

Che Jafali anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Che Matiya, mwaiwala dzanja limene limakuphikirani?"

Ndinakhala pa mpando wa makasitomala.

"Tandiuzani," anapitiriza, "nyimbo imeneyi ikalira paukwati, ndani amaimba ndime yanu ija? Ndani amaimba yanga? Anthu amangovina kudikira pamene atsikana amayankha kuti, n'cha eni, n'cha eni. Pamenepo ndiye bwalo lonse limakuwa. Kaseti ija anaigulitsa ndi mawu a shemeji, akazi anuwo, ife tinkangoperekeza."

Sananame. Ndipo kuyankhako sitinawaphunzitse ndife. Atsikanawo anangoyamba okha tsiku lina tikuyeserera pansi pa mtengo wa mango, ife n'kuona kuti zikukoma.

Pobwerera sindinakwere kabaza. Ndinayenda wapansi, ndikuwerenga maulendo amene ndafotokozapo nkhani ya kaseti imeneyi. Ndaifotokoza kwa ana anga, kwa akamwini, kwa alendo a kutchalitchi, kwa aliyense amene walakwitsa n'kukhala pakhonde langa nthawi yopitirira theka la ola. Ndipo nthawi zonse ndimati, "Tinalipo ine, Che Jafali, malemu Kasimu, ndi atsikana awiri othandizira." Ndimanena zimenezi mmodzi wa atsikana othandizirawo akuthira tiyi m'makapu a alendowo.

Ndinafika kunyumba mpunga utapsa.

"Mayi a Tadala, bwanji simunanenepo kanthu zaka zonsezi?"

"Mtsikana wothandizira amanena chiyani?" anayankha, osatembenuka. "Inu bola chigongono chaoneka, ana achizindikira. Tadala amadziwa kuti mawu aja ndi anga?"

Samadziwa. Ndinamuuza ndine nkhaniyo, kangapo konse.

Kenako anatembenuka. "Nanga mnzanga uja, wachiwiriyo, dzina lake ndani?"

Ndinakumbukira kuti anali wamtali, ankaseka atagwira pakamwa. Dzina silinabwere.

"Mwanaisha, wa ku Nkhudzi," anatero. "Anamwalira chaka chimene Tadala anabadwa. Pamaliro pake munapita."

Sindinadye bwino tsiku limenelo.

Madzulo asanafike ndinafufuta ndemanga yoipa ija n'kulemba ina yaifupi. Ndinatchula tonse asanu ndi chimene aliyense anachita: Jafali banjo, Matiya babatoni ndi ndime yoyamba, malemu Kasimu ng'oma, mkazi wanga Agnesi ndi malemu Mwanaisha mawu oyankha. Inde, dzina langa ndinaliika lachiwiri, ndipo "ndime yoyamba" sindinaiwale. Ndinalapa, koma sindinasanduke mngelo.

Mukuganiza kuti anthu anati chiyani?

"Mayi Agnesi ali moyo?" "Mawu aja ndi amene ankandiliza ine!" "Amayi anga ankaimba n'cha eni akuchapa, Mulungu awadalitse mayi amenewa." Wina wa ku Nkhudzi analemba kuti Mwanaisha anali azakhali ake, ndipo kwawo sankadziwa kuti mawu ake alipo penapake. Ameneyo anandikhudza, ndisaname. Koma ndinapitiriza kutsika nawo mndandandawo, kufunafuna amene atchule babatoni. Anapezeka mmodzi. Ankafunsa kuti babatoni n'chiyani.

Lachinayi foni yanga inalira. Anali mwana wamkazi wa malemu mwini kampani uja, amene amayendetsa tsambalo. Ndinakonza kukhosi, ndinaimirira n'kuimirira.

"Pepani bambo, ndimafuna ndilankhule ndi Mayi Agnesi."

Ndinapereka foni. Ndinamva akufunsidwa tsiku lawo lobadwa, kuti nawonso akhale ndi tsiku lawo chaka chilichonse. Anafunsidwanso za Mwanaisha. Ine tsiku langa lobadwa ndinali nalo pamlomo, lokonzeka, koma palibe analifuna.

Lachisanu mtsikanayo anabwera kudzajambula. Mayi a Tadala anavala chitenje chatsopano, ndipo anandikoka dzanja kuti ndiime pambali pawo. "Mujambule yense," anamuuza mtsikanayo, "asadulidwe chilichonse." Sindikudziwa ngati chinali chifundo kapena chipongwe. Pazaka zimene takhala limodzi ndaphunzira kuti kwa iwo ziwirizi zimayendera limodzi.

Dzulo m'mawa chithunzicho chatuluka. Ndilipo ndense, kuyambira dazi mpaka nsapato. Pansi pake alemba kuti, "Awa ndi Mayi Agnesi, mwini mawu a n'cha eni. Pachithunzipa ali ndi amuna awo."

Amuna awo.

Ndakwezedwa udindo, abale. Lachiwiri ndinali anzake, lero ndine amuna awo. Jenereta ikadali patsogolo panga.

Nsanje sinathe, ndisakunamizeni. Yangosamuka, yachoka kwa Mponda yabwera m'nyumba mwanga momwe. Pamene ndikulemba pano Mayi a Tadala akuimba kukhitchini, mokweza kuposa masiku onse, ndipo Tadala waimba foni katatu osandifunsa ine. Zikundiwawa. Koma ine zandiwawa masiku asanu okha, ndipo dziko lonse lamva kudzera m'danga lino. Iwo anakhala chete zaka zoposa makumi atatu, akuthira tiyi.

Ndiye inu amene mukundiseka, tafotokozani nkhani yanu ija imene mumaikonda, ya mmene munamangira nyumba, ya mmene munaphunzirira, ya mmene munayambira bizinesi. Mukafika pamene mumati "ndi anzanga ena", taimani pang'ono. Mungawatchule mayina? Ndipo mwayang'ana bwino kuti mmodzi wa iwo si amene akukuthirirani tiyiyo?