Ndege yoyera pamwamba pa manda a ku Kasisi

Anthu a ku Kasisi sayang'ana kumwamba ndege ikamadutsa. Ndife a m'tauni amene timakweza makosi ngati nkhuku zikumwa madzi. Iwo anabadwira pansi pa njira ya ndege, bwalo lalikulu la ndege lili pafupi pomwepo, ndipo iliyonse amaidziwa ndi kaliridwe kake. Mayi akupalira atha kukuuzani osadzutsa mutu kuti iyo ndi yathu yochokera ku Ulaya, lero yachedwa. Kwaya ikamaimba pamaliro ndege n'kutulukira, amangoima pakati pa nyimbo, kuidikira ipite, n'kupitiriza pamene anasiyira. Palibe amaseka, palibe amadabwa.

Ndiye mundimvetse ndikanena kuti mlungu uno, pamene mudzi wonse unayang'ana kumwamba nthawi imodzi, ine thupi lonse linachita tsemwe.

Ndinapita kukaika maliro a Ba Paulo, amuna awo a azakhali anga a Estele. Azakhaliwa ndi mlongo wawo wa malemu bambo anga. Anachoka ku Katete ali mtsikana kudzakwatiwa kwa eni nthaka a kuno, ndipo akalambira kuno. Ana awo awiri anamwalira ali aang'ono, agona kumanda komweko. Nyumba, munda wa chimanga, kadimba ka kudambo, zonse zili pamalo a banja la mwamuna. Ba Paulo anadwala mwadzidzidzi, miyendo kutupa, mpweya kubanika. Kuchipatala anawauza kuti mankhwala ake kulibe, ndalama zakunja zoitanitsira zasowa. Anabwerera kunyumba kukafera pamphasa yawo.

Tinaika dzuwa lili paliwombo, kumwamba kuli mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Akatekisiti anapemphera, bokosi linatsika. Amayi awiri anagwira azakhali m'mikono kuti aponye dothi loyamba monga mwa mwambo. Atangotambasula dzanja, dothi lisanagwere pabokosi, mdima unadutsa padzenje ngati wina watseka chitseko.

Phokoso linabwera pambuyo, ndipo silinali phokoso limene iwo amalidziwa. Linali lapansipansi, ngati mluzu wa munthu amene sakufuna kuti amveke. Ndege yaikulu, yoyera yonse, yopanda mbendera kumchira, yopanda mtundu wa dziko lathu kapena wa dziko lililonse. Inali pansi kwambiri moti tinaona mateyala ali lendee. Inalowera kubwalo, anthu anatchera khutu kuti amve kubangula kumene ndege imachita ikatera. Zii. Inakweranso, n'kukhota, n'kubwerera pamwamba pa manda omwewo. Inatero kangapo.

Kwaya inaima pakati pa nyimbo, ndipo siinapitirize. Tinakwirira Ba Paulo tikumva makasu okha.

Ba Laimoni, akulu ake a malemu, ndiwo anayamba kulankhula, maso ali kumwamba. "Iyi ndeke si yathu," anatero. "Yabwela kutenga ndani?"

Titabwerera kunyumba ya maliro, amuna tinakhala pansi pa mtengo, amayi m'khonde. Ba Laimoni sanazungulire. Anati m'bale wawo wafa msanga kwambiri. Anati tsiku limene anamwalira, lichero la azakhali linapezeka litavundikirika kuseri kwa khitchini. Inu amene munakulira m'tauni ndipo mumanamizira kuti simudziwa zimenezi, ndikukumbutseni. Kumudzi amati mfiti imauluka pa lichero, m'ndege yakeyo simukhala anthu, ndipo mafuta ake ndi magazi a wachibale amene sadziwa n'komwe kuti ulendowo akulipira ndi iyeyo.

Apa ine mtima unakwera. Ndinaimirira, jekete ndinakonza. Ndinati akuluakulu, ndege imeneyi ndikuidziwa. Boma lathu likufuna kugulira kampani yathu ya ndege ndege yatsopano, ndipo ogulitsa alipo awiri, a ku Ulaya ndi a ku Amereka. Dzulo lake lomweli ndinali ku hotela m'tauni kumene a ku Ulaya anatidyetsa masoseji ife olemba nyuzipepala. Ndege yoyerayi ndi yawo, abwera nayo kudzaonetsa. Ndi yoyera chifukwa sinagulidwe. Ikutsitsa mateyala n'kukweranso kuti akuluakulu athu aone kuti kutentha kwa kuno sikuiopa. Basi, nkhani yake ndi yomweyo.

Ndinaganiza kuti ndamaliza. Ba Laimoni anandiyang'ana modekha.

"Mulibe mapasenja mukati?"

"Mulibe, atate. Oyendetsa chabe."

"Manje mafuta alipila ndani, ngati mulibe wamene agula tikiti?"

Koma ine ndi pakamwa pangapa! Ndinayamba kufotokoza zonse zimene ndinamva ku hotela ndi zimene timawerenga m'nkhani zakunja. Ndinati ogulitsa awiriwa ali pa mkangano waukulu. A ku Amereka akudandaula kuti maboma a ku Ulaya amathira ndalama za msonkho m'fakitale ya anzawowo, n'chifukwa chake amatha kugulitsa motchipa ndi kuuluka maulendo aulere ngati amenewa. A ku Ulaya akuyankha kuti inunso mumadyetsedwa ndi boma lanu, kungoti mumabisa m'matumba a asilikali. Choncho wolipira weniweni ndi munthu wamba wa kumeneko, mlimi kaya wantchito m'sitolo, amene msonkho wake umapita ku ndegeyo.

"Uyo muntu adziwa?"

"Ambiri sadziwa, atate."

Ba Laimoni anatembenukira kwa anthu, manja atatambasula. "Mwamvela mweka. Ndeke yopanda bantu, iuluka na magazi ya muntu wamene sadziwa. Nanga ise tikamba chani?"

Palibe anaseka. Ndinakhala pansi. Ndinabwera kudzateteza azakhali anga, ndipo ndinali nditawerengera anthu mlandu wa azakhaliwo m'Chingerezi cha ku hotela.

A tcheyamani a chipani a m'deralo analipo. Ndinawayang'ana ndi maso opempha. Iwo anati ndege ndi nkhani ya dziko, siikambidwa pamaliro, ndipo za m'banja chipani sichilowerera. Kenaka anandifunsa dzina la nyuzipepala imene ndimalembera, n'kulibwereza pang'onopang'ono kuti asaliiwale.

Chigamulo chinali chachifupi. Ndegeyo ikabweranso tsiku lometa lisanafike, tsiku lotsekera maliro, azakhali atenge mapoto awo azipita. Ikapanda kubwera, akhale.

Tsono owerenga anga, tiyeni tikambirane, ndipo ndiyambe ndi kunena kuti sindikutsutsa boma. Ndili ndi ana, ndili ndi khadi la chipani, kumsonkhano ndimapita. Dziko lopanda nyanja ngati lathuli likufunika ndege, zimenezo ndikuvomera. Ndege zathu zakalamba, ndikuvomeranso.

Koma mkangano wa azungu awiriwa ukundinyansa. Anthu awiri okhuta akukangana kuti ndani mwa iwo bambo wake anamuthirako zambiri m'mbale. Ali ndi bwalo lawo la zamalonda kunja uko kumene amakasumirana, atavala masuti, wina n'kuwathirira madzi ozizira m'matambula. Aliyense akulira kuti mnzake akuchita zachinyengo. Ndipo onse awiri akabwera kuno amatiuza chimodzimodzi, kuti mtengo atichepetsera chifukwa amatikonda. Mudamuonapo wogulitsa amene amakukondani kuposa thumba lake?

Ife nanga? Timaima pamzere wa ufa kuyambira m'mawa, sopo tikumuonera m'maloto, saladi, mafuta ophikira aja, akugulitsidwa ndi kasupuni. Ndege ikagulidwa, yotchipa kaya yodula, ya ku Ulaya kaya ya ku Amereka, idzalipiridwa ndi ndalama zakunja. Zomwe zija zimene zinasowa pamene miyendo ya Ba Paulo inkatupa. Tsiku lofika ndegeyo, amayi a ku Kasisi adzakwezedwa pa lole kukavina kubwalo atamanga zitenje zofanana, ndipo mwa iwo palibe amene adzaponde makwerero ake mpaka imfa.

Ba Laimoni akulakwa pa za azakhali anga, ndipo ndidzanena zimenezi paliponse. Mayi amene amaopa ndi mphaka yemwe, angauluke pa lichero? Koma pa za ndegeyo, ndakhala ndikufunafuna pamene analakwitsa ndipo sindikupapeza. Chimenecho ndicho chikundisowetsa mtendere.

Nditabwerera ku ofesi, mnzanga wolemba za malonda anandiuza akuseka kuti a ku Amereka sangalole kuti anzawo avine okha. Nawonso akutumiza yawo mlungu womwe uno kudzaonetsa. Iye anaona ngati ndi nkhani yokoma. Ine ndinakumbukira chigamulo chija.

M'mawa wa tsiku lobwera ndegeyo, tsiku lometa lisanafike, ndinakwera basi, kwinako ndinayenda pansi. Maganizo anga anali akuti chinthu chimene munthu waneneratu sichingakhale ufiti. Ndinawapeza Ba Laimoni akusongola mpini. Ndinati atate, lero kubwera ndege ina, si yomwe ija, ndi ya opikisana nawo, ndabwera kudzakuuziranitu kuti musadabwe.

"Wadziwa bwanji kuti izabwela?" anafunsa osasiya kusongola. "Akuuza ni ndani? Ba anti bako?"

Ndinawasiya akusongola. Ndinapita kunyumba ya azakhali, ndipo ndinapeza mapoto atamangidwa kale m'chitenje, mphasa itapindidwa, nkhuku ziwiri zitamangidwa miyendo. Palibe anali atawauza kanthu. Ndinati azakhali, bwanji kodi, ndegeyo sinabwerenso.

"Mwana wanga, nakhala kuno zaka zambiri," anatero. "Vinthu va kumwamba vikayamba sivibwela kamodzi. Tiye unipelekeze kuli bana."

Tinapita kumanda. Abale ena anatitsatira chapatali, Ba Laimoni ali patsogolo. Azakhali anagwada pakati pa timanda tiwiri tating'ono, tosalala kale ndi mvula, n'kuyamba kuzula udzu ndi manja. Ankalankhula nato pang'onopang'ono monga mayi amalankhulira ndi ana amene akugona. Dothi la Ba Paulo linali likadali lofiira pambali pake.

Mbalame zinayamba kukhala chete. Kenaka mthunzi uja unabwera kuchokera kuchimanga, waukulu kuposa woyamba, n'kutikwirira tonse. Iyi inali yonyezimira ngati lata latsopano, ndipo inadza pansi kwambiri, mwina kuti ionetse kuti zimene inachita inzake nayonso itha. Udzu unagona. Aliyense anakweza mutu, ine ndemwe, Ba Laimoni, amayi onse, anthu amene mpaka tsiku la maliro anali asanayang'anepo ndege.

Azakhali okha ndiwo sanayang'ane. Anasiya kulankhula ndi ana awo pakati pa mawu, kudikira ipite, n'kupitiriza pamene anasiyira. Mlendo wa ku Katete uja ndiye yekha anachita ngati munthu wa ku Kasisi.

"Mwaona?" anatero Ba Laimoni chapansipansi. "Sayanganako. Aidziwa."

Palibe anawakalipira azakhali, palibe anawakhudza. Abale aja anangopatuka m'njira kuti tidutse. Ine ndinasenza mapoto, azakhali ananyamula nkhuku, ndipo chimanga chawo tinachisiya chikuweyuka m'mbuyo, chitatsala pang'ono kukhwima.

Pamene ndikulemba izi, azakhali ali kunyumba kwanga ku komboni, akugona m'chipinda chochezera. Ku Katete onse amene ankawadziwa anatha. Masana amakhala pakhonde, ndipo ndege ikadutsa kutali kwambiri, kumene ine sindimva kanthu, amanena okha osadzutsa mutu kuti iyo ni yathu, yachedwa.

Ogulitsa aja anabwerera kwawo ndi ndege zawo zopanda anthu, kukapitiriza mlandu wawo wakuti ndani anathandizidwa mopitirira. Iwo bwalo ali nalo, oweruza ali nawo, maloya ali nawo. Nanga mayi amene mkangano wawo wamulanda munda, nyumba ndi manda a ana ake, akasume kuti? Avale suti yanji kuti amumvere?

Dzulo madzulo azakhali anandifunsa ngati boma lasankha yogula. Ndinati ayi, akadakambirana. Anasisita bondo.

"Iwe ulemba mu pepa," anatero. "Ubauze kuti iliyonse yamene bazagula, baipente msanga, baikemo na bantu. Izayamba kupita pamwamba pa bana banga tsiku lililonse, ine kulibe. Nifuna baziidziwa kuti ni yathu, basaziyopa."

Ndalemba, azakhali. Kaya kumwambako kuli wina amene amawerenga.